Jezi ya dziko liti? Mwini kusankha ndi mtsikana

 Lero tikamba za mpira wamiyendo. Tikudziwa kuti ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti za mpira zalowa bwanji pa msonkhano wa ufulu wa amayi. Dikirani pang'ono, mumva.

Tiyambe ndi mayina amene tonse timawanyadira. Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, ananyamuka kupita ku Sweden mu 2014. Kuchoka kumeneko anakasewera ku China, kenako ku Inter Milan komwe anaposa onse pomwetsa zigoli mu ligi ya ku Italy, ndipo anachitanso chimodzimodzi ku France ali ku Paris Saint-Germain. Mng'ono wake Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse chaka chimenecho. Mu 2023 ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA atagonjetsa Zambia 2-1. Mu 2025 anachotsa Angola n'kupeza malo ku WAFCON, koyamba m'mbiri ya dziko lino.

Zikatere tonse timati "ana athu". Koma Tabitha yemweyu anauza nyuzipepala ya The Guardian mu 2021 kuti ali ndi zaka 13 anakakamizidwa kuvula pamaso pa anthu kuti atsimikize ngati analidi mtsikana, chifukwa choti ankasewera bwino kwambiri. Tangoganizani. Tsiku limenelo "ana athu" uja anali kuti? Dziko limakonda kumusankha mtsikana akatchuka, koma pa nthawi imene akufunika chitetezo, nsapato ndi bwalo, amakhala yekha.

Nde apa pakubwera funso la lero: mtsikana waluso akakhala ndi mwayi wosewerera mayiko awiri, asankhe liti, ndipo wosankha ndani?

Funsoli si la kutali ayi. Tili ndi abale ku Johannesburg, ku Harare, ku Leicester, ku Dublin, ndipo ana awo akukulira m'ma academy a kumeneko. Malamulo a FIFA amati wosewera ayenera kukhala ndi unzika wa dziko limene akufuna kuliyimira. Ngati unzikawo wachita kuupeza pambuyo pake, pamafunikanso chimodzi mwa izi: iye mwini, mayi kapena bambo ake omubereka, kapena agogo ake akhale kuti anabadwira m'dzikolo, apo ayi akhale kuti wakhalamo zaka zokwanira, zomwe kwa munthu wamkulu ndi zisanu. Mwamva bwino pamenepo? Mbali ya mayi ndi ya bambo n'chimodzimodzi. Mwana wa mchemwali wanu amene anakwatiwa kunja ali ndi njira yobwerera kudzera mwa mayi ake. Komanso kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza zoti Mmalawi atha kukhala ndi unzika wa mayiko awiri, moti nkhani yoti uyambe wataya pasipoti inayo siikhalanso chotchinga ngati kale.

Chachiwiri chofunika kudziwa n'chakuti chisankhochi chimamanga. Kusewerera timu ya achisodzera sikumutsekera mtsikana khomo mpaka kalekale. Ashleigh Plumptre anasewerera matimu a achisodzera a England, kenako anasankha Nigeria kudzera mwa agogo ake aamuna, ndipo mu 2025 anali m'gulu lomwe linatenga chikho cha WAFCON ku Morocco. Rosella Ayane nayenso anayambira ku England, n'kusankha Morocco, kwawo kwa bambo ake. Koma ukangolowa m'bwalo ndi timu yaikulu pa masewero a mpikisano, khomo limayamba kutsekeka. Kuyambira 2020 FIFA imalola kusintha ngati unasewera masewero osapitirira atatu, usanakwanitse zaka 21, patapita zaka zitatu chisewerere, komanso ngati sunasewerepo mu ndime yomaliza ya World Cup kapena ya chikho ngati WAFCON. Kusinthako n'kamodzi basi. Mphindi zisanu zokha zolowa m'malo mwa mnzako zitha kulemba mbiri ya moyo wako wonse.

Tikumbukirenso kuti ena amasankha dziko limene anabadwira. Lily Yohannes, wa makolo ochokera ku Eritrea, anabadwira ku America n'kukulira ku Netherlands komwe ankasewera ku Ajax. Mu 2024, ali ndi zaka 17, analengeza kuti asewerera America. Wina ngati iyeyu akakhala wa magazi a Chimalawi n'kusankha kwina, tikudziwa zomwe zingalembedwe pa Facebook: wogulitsa dziko, wodzimva, waiwala kwawo. Asisi, ife tisakhale nawo m'gulu lotukwanalo. Timanena tsiku ndi tsiku kuti mtsikana asankhe yekha womanga naye banja, sukulu yake, ntchito yake. Tingasinthe bwanji mawu pa nkhani ya jezi? Miyendo ndi yake, akathyoka bondo womva ululu ndi iyeyo, ndipo zaka zosewera mpira n'zowerengeka. Amalume atha kulangiza, kochi atha kulangiza, agent ali ndi phindu lake lomwe akuliyang'ana. Mawu omaliza akhale a mwini wake, atamva malamulo onse bwinobwino.

Tsono ngati tikufuna kuti atsikana aziti "ine ndisewerera Malawi" ndi mtima wonse, dziko liyambe ndilo kuwasankha akadali aang'ono. Pitani ku Ndirande, kwa Mtandire kapena ku Chibavi madzulo. Anyamata mukawapeza pa bwalo akuthamangitsana ndi chikulunga. Alongo awo ali ku mjigo, ali pa mbaula, abereka mwana kumbuyo. Amene walimba mtima n'kulowa m'bwalo amauzidwa kuti mpira wa atsikana ndi wamanja, kuti aumitsa thupi, kuti sadzakwatiwa. Luso limakula ndi maola osewera, ndipo maola a mtsikana timawadya ndife tomwe pakhomo. Rose Kabzere anafika ku Montpellier ku France atadutsa ku Ascent Soccer ku Lilongwe, malo omwe anatsegulira khomo atsikana. Malo otere ayenera kuchuluka.

Ndiye tikachoka pano tichite izi. Kunyumba, tigawe ntchito mofanana kuti mtsikana naye akhale ndi nthawi ya bwalo. Kusukulu za m'dera lathu, tikafunse a komiti ngati kuli timu ya atsikana, ndipo ngati bwalo ndi limodzi, atsikana apatsidwe masiku awo. Ku timu iliyonse ya ana, tifunse kuti mtsikana akachitidwa zachipongwe akanene kwa ndani, komanso ngati pa ulendo pamakhala mayi wamkulu. Mwana aliyense akhale ndi kalata yake ya kubadwa yochokera ku NRB, ndipo wina asamunyengerere kuchotsera zaka, chifukwa bodza limenelo limadzamugwetsa mwayi utafika. Munthu akabwera ndi nkhani yoti atengera mwana wosakwana zaka 18 ku timu ya kunja, dziwani kuti FIFA imaletsa zimenezo kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'malamulo. Funsani ku FAM musanapereke ndalama kapena pasipoti kwa aliyense. Ndipo sukulu isaime chifukwa cha mpira.

Kwa a FAM ndi a boma, pempho lathu n'lomveka: ikani ndalama mu mipikisano ya atsikana a zaka zosakwana 15 ndi 17, phunzitsani makochi achizimayi, ndipo ma Scorchers azilandira zawo pa nthawi yake. Mtsikana wa kunja akamaganiza zobwera, amafunsa kaye anzake kuti amasamalidwa bwanji.

Asisi amene muli ndi abale kunja, atumizireni uthengawu. Amene muli ndi mng'ono wanu wokonda mpira, Loweruka likubwerali mumuperekeze ku bwalo, mukakhale pompo mpaka wezulo yomaliza.