M'MENE OLEMALA ANAYAMBIRA KUDZILANKHULIRA OKHA

Kwa zaka zambiri nkhani za anthu olemala zinali m'manja mwa madokotala, amishoni ndi mabungwe acifundo. Iwowa ndiwo anali kugamula za kumene wakhungu adzakhala ndi nchito imene wopuwala miyendo adzaphunzira. Mwini wace sanali kufunsidwa konse.

Zinthu zinatembenuka m'caka ca 1980 mumzinda wa Winnipeg ku Canada, pamsonkhano waukulu wa bungwe la Rehabilitation International, limene linali kutsogozedwa ndi akatswiri osamalira olemala. Nthumwi za ku Sweden zinapempha kuti theka la nthumwi zoponya voti likhale la olemala eni ace. Pempholi linakanidwa. Pamenepo olemala okwanira ngati 250 anasonkhana paokha, nagwirizana kuyambitsa bungwe laolao. Pakati pao panali Joshua Malinga wa ku Zimbabwe, amene anadwala poliyo ali mwana.

Kumapeto kwa 1981, caka cimene United Nations inacipatula kukhala ca olemala, nthumwi pafupifupi 400 zinakumana ku Singapore ndi kukhazikitsa bungwe la Disabled Peoples' International. Wapampando woyamba anali Ron Chandran-Dudley, munthu wosaona wa komweko. Pambuyo pace a Malinga anatsogolera bungweli, nakhalanso meya wa mzinda wa Bulawayo.

Mfundo yao inali yakuti cilema pacokha sicitsekereza munthu monga m'mene zicitira zopinga zoikidwa ndi anthu: masitepe pakhomo la ofesi, sukulu yopanda mabuku a Braille, ndi olemba nchito okana munthu asanamuyese. Cifukwa cace iwo anafuna malamulo owateteza, pakuti cifundo cimatha tsiku limene wopatsayo watopa.

M'caka ca 2006 United Nations inabvomereza pangano la ufulu wa olemala, ndipo olemala anatengako mbali polikonza. Dziko la Zambia linalowa m'panganoli mu 2010, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano loletsa kusala munthu cifukwa ca cilema.

Komatu lamulo lopangidwa ku Lusaka limaoneka mphamvu yace kumudzi. Pamsonkhano wokamba za citsime, feteleza kapena sukulu, wapampando ayenera kuonetsetsa kuti olemala aitanidwa, kuti malowo afikika ndi woyenda panjinga kapena pandodo, ndiponso kuti apatsidwa mpata wolankhula. Nayenso mwana wobisidwa m'nyumba aturutsidwe, akalembedwe sukulu pamodzi ndi anzace.