Ndani Ali ndi Chilolezo Choyendera Nyumba? Mawu kwa Anthu a M'mawodi a Machinga ndi Balaka



Nkhani ya lero ikuyambira pa foni ya m'manja. Mnyamata wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe ali ku Johannesburg, kumene anthu amangoti ku Joni, ndipo mwezi ndi mwezi amatumiza ndalama kwa mayi ake kuti nyumba imangidwe. Mayi amagula simenti ndi malata, mmisiri amamanga, mlongo wake amajambula zithunzi n'kutumiza pa WhatsApp. Pa chithunzi khoma limaoneka loongoka, pulasitala wosalala, penti wowala. Chimene chithunzi sichionetsa ndi kuya kwa maziko, kuchuluka kwa simenti imene inalowa m'matope omangira, ndiponso ngati denga linamangiriridwa ku khoma kapena linangosanjikidwa pamwamba. Mwini ndalama amabwera patatha zaka zitatu n'kupeza mng'alu woyambira pa ngodya ya zenera kutsikira pansi. Akafunsa amene anaona ntchitoyo isanakwiriridwe, yankho limakhala lakuti panalibe.

Maboma awiriwa, amene anali boma limodzi kufikira pamene Balaka inapatulidwa mu 1998, ali ndi zifukwa zawozawo zoopera nyumba yomangidwa popanda woiyendera. M'zigwa, m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi kufupi ndi nyanja za Chilwa ndi Chiuta, muli dothi la makande limene limafufuma likamwa madzi ndi kung'aluka likauma. Nyumba yokhala pa dothi lotere imakankhidwa m'dzinja, n'kutsika m'chilimwe, chaka ndi chaka, kufikira khoma litatopa. Mphepo ya mkuntho ya kumayambiriro a mvula imasasula madenga. Mu January 2015, boma litalengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi ya madzi osefukira, Machinga ndi Balaka anali m'gululo. Mvula ya March 2019 inabwera, namondwe wa Ana anafika mu January 2022, ndipo wa Freddy mu March 2023 anapha anthu opitirira 600 m'dziko muno, ena opitirira 500 n'kusowa, pamene opitirira 600,000 anatsala opanda pokhala. Nyumba zambiri sizinakokoloke ndi mtsinje ayi. Zinangonyowa kwa masiku angapo, makoma a zidina n'kufewa kuyambira m'munsi, mpaka kugwa. Zivomezi nazo si zachilendo: cha ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu December 2009 zinaonetsa kuti nthaka ya dziko lino imagwedezeka.

Maiko ena anakhazikitsa ntchito ya woyendera nyumba ngati ntchito yapayokha. Ku United States, munthu asanagule nyumba amalemba katswiri amene amakwera padenga, kuona maziko, mawaya a magetsi ndi mapaipi a madzi, kenaka n'kulemba lipoti. Oyendera nyumba kumeneko anapanga bungwe lawo la American Society of Home Inspectors mu 1976, ndipo chigawo cha Texas ndicho chinayamba kuwaikira lamulo mu 1985. Lero zigawo zambiri zimafuna kuti munthu aphunzire, alembe mayeso ndi kulandira laisensi asanayambe ntchitoyi, ngakhale kuti zina, monga California, sizipereka laisensi yotere. Ku South Africa, kumene ana a maboma ano akugwirako ntchito, lamulo la 1998 linapatsa mphamvu bungwe la NHBRC kulembetsa omanga nyumba ndi kuyendera nyumba zatsopano zikumangidwa. Nyumba yolembetsedwa imakhala ndi chitetezo cha zaka zisanu ngati maziko kapena makoma apezeka ndi vuto lalikulu. Mnyamata uja angakhale akupereka njerwa pa nyumba yotetezedwa chomwechi, pamene yake ya kumudzi ilibe woiyang'ana.

Ku Malawi kuno ntchito yoyendera nyumba siili m'manja mwa munthu mmodzi wa laisensi imodzi. Inagawidwa pakati pa maofesi ndi mabungwe angapo, ndipo ndi chifukwa chake anthu amasokonezeka.

Woyamba ndi khonsolo. Lamulo la Local Government Act la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'dera lawo, ndipo lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988, linafutukula ntchito yoona za kamangidwe kuti ikhudze dziko lonse, osati matauni osankhidwa okha monga kale. Kotero womanga sitolo pa Nsanama, nyumba za lendi pa Liwonde, kapena malo ogona alendo pa Balaka ayenera kuyamba wafika ku khonsolo ndi pulani yake, dothi lisanakumbidwe. Kumeneko kuli ofesi yoona za mapulani ndi chitukuko, ofesi yoona za zomangamanga, ndi a zaumoyo amene amaona za zimbudzi ndi madzi oipa. Zofunika kupereka zimasiyana malinga ndi malo ndi mtundu wa nyumba, ndipo ofesi ndiyo imafotokoza. Kalata ya amfumu imachitira umboni za malo. Siinena kanthu za kulimba kwa khoma.

Achiwiri ndi akatswiri olembetsedwa. Makontilakita amalembetsa ku bungwe limene anthu ambiri amalidziwa ndi dzina lakuti NCIC, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ndipo amaikidwa m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito imene angathe. Mainjiniya amalembetsa pansi pa lamulo la Malawi Engineering Institution la 2019. Ojambula mapulani a nyumba ndi owerengera mtengo wa zomangira ali ndi bodi yawo. Phindu la kulembetsa n'lakuti munthuyo ali ndi chinthu chimene angalandidwe. Injiniya akasainira kuti nyumba ndi yolimba, iyo n'kugwa, pali kokadandaula, ndipo dzina lake likhoza kufufutidwa m'kaundula. Munthu wongodzitcha katswiri alibe chotaya; mawa amasamukira ku Mangochi n'kuyambanso.

Pa magetsi ndi pamene dongosolo limaoneka bwino, ndipo anthu ambiri analizolowera kale. Woika mawaya m'nyumba ayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo ESCOM imafuna umboni wa ntchito ya munthu wotere isanalumikize magetsi. Palibe amene amadabwa nazo, poti aliyense amadziwa kuti waya woikidwa molakwika amayatsa nyumba usiku umodzi. Khoma lomangidwa molakwika limapha mochedwerapo, ndiye limapeputsidwa.

Apa pafunika kunena zoona zokhazokha. Nyumba zambiri za m'midzi ya Kawinga, Nyambi, Kalembo kapena Nsamala sizimangidwa ndi kontilakita wolembetsedwa, ndipo sizidzamangidwa ndi iye posachedwapa. Zimamangidwa ndi mmisiri wa m'mudzi amene anaphunzira ntchito popereka matope kwa mmisiri wina. Ena mwa amisiriwa ndi aluso kwambiri. Ena anaphunzira zolakwika ndipo akuziphunzitsanso ana awo. Ogwira ntchito ku khonsolo ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa dera, ndipo kuchoka ku likulu la boma kukafika ku Ngokwe kapena ku Nayuchi m'nyengo ya mvula si ulendo wa tsiku lililonse. Amene angalonjeze kuti nyumba iliyonse idzayenderedwa ndi injiniya akunama. Chimene chilipo ndi ichi: mmisiri akhoza kuyesedwa luso lake n'kulandira satifiketi kudzera m'mayeso a ntchito zamanja kapena ku TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo pali njira yoti luso limene munthu anaphunzira pa ntchito livomerezedwe ngakhale sanapite ku sukulu ya zaumisiri. Komanso zivomezi za ku Karonga zitachitika, unduna woona za malo ndi nyumba unatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba otchedwa Safer House Construction Guidelines, olembedwera amisiri a m'midzi omwewa. Mwini nyumba sachimwa kufunsa mmisiri satifiketi yake, kapena kupempha kuti akaone nyumba ziwiri zimene anamanga zaka zisanu zapitazo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kuyendera nyumba kuli ndi nthawi zake, ndipo amene waphonya nthawiyo sangaonenso kanthu. Nthawi yoyamba ndi pamene ngalande za maziko zakumbidwa, konkire isanathiridwe. Woyendera amaona ngati okumba afika pa dothi lolimba, kapena angochotsa dothi lapamwamba n'kulekera pomwepo chifukwa khasu linayamba kulemera. Pa makande maziko amafuna kuya ndi kulimbitsidwa koposa pa dothi la katondo, ndipo apa ndi pamene ndalama yolipira munthu wodziwa imabweza yokha. Nthawi yachiwiri ndi pamene maziko atuluka pamwamba pa nthaka. Nyumba iyenera kukwezedwa kuti madzi a mvula asalowe, ndipo pakati pa maziko ndi khoma payenera kuyalidwa pulasitiki wakuda uja woletsa chinyontho kukwera. Ndi wotchipa poyerekeza ndi malata, koma ndiye amene amasiyidwa kawirikawiri; zotsatira zake ndi khoma lonyowa m'munsi, pulasitala wosendeka ndi mchere woyera wotuluka pa njerwa.

Kenaka pamabwera khoma. Njerwa ziyenera kulumana, makamaka pa ngodya, ndipo waya wolimbitsa khoma aziikidwa pakapita mizere ingapo. Pamwamba pa zitseko ndi mazenera pafunika bimu ya konkire ndi zitsulo yozungulira nyumba yonse, imene imagwira makoma ngati lamba. Konkire yathiridwa iyenera kumwetsedwa madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri. Youma msanga pa dzuwa la ku Balaka imaoneka yolimba koma m'kati ili yofumbutuka. Pomaliza ndi denga. Mapaso amangiriridwe ndi waya kapena chitsulo cholowa m'khoma mizere ingapo kutsika pansi, matabwa akhale opakidwa mankhwala a chiswe, ndipo denga lituluke kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma. Miyala ndi matayala osanjikidwa pa malata ndi chizindikiro chakuti mwini nyumba akudziwa kale kuti denga lake silinagwire. Chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30.

Wogula nyumba yomangidwa kale ali pa mpanipani woposa, chifukwa zonsezi zinakwiriridwa. Penti watsopano pa khoma limodzi lokha ndi funso loyenera kufunsidwa. Mng'alu wowonda wa pa pulasitala si woopsa. Woopsa ndi woyenda mopingasa motsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotakata kumwamba kapena kumunsi, woonekera mkati ndi kunja komwe. Chitseko chokana kutseka ndiponso pansi popendekeka zimanena za maziko amene akuyenda. Wowerengera mtengo wa nyumba, amene banki imatumiza, amanena za ndalama. Za kulimba amanena ndi injiniya kapena wa zomangamanga. Nthawi yabwino yoonera nyumba yogula ndi February, madzi ali m'nthaka, osati October.

Nyumba za anthu onse zimafuna diso lakuthwa koposa. Mu June 2018 khoma linagwa pa sukulu ya pulaimale ya Nantchengwa m'boma la Zomba, ana anayi n'kutaya miyoyo. Zomba ndi boma loyandikana ndi Machinga, ndipo makalasi omangidwa ndi mphamvu za makolo alipo m'mawodi ambiri. Mtima wodzipereka wa makolo ndi wotamandika, koma suloŵa m'malo mwa bimu. Komiti yoyang'anira ntchito ya CDF kapena thumba lina la chitukuko ili ndi chifukwa chokwanira chofunsira satifiketi ya kontilakita, kuwerenga matumba a simenti amene afika ndi amene alowa m'khoma, ndi kukana kusainira gawo la ntchito limene wa zomangamanga wa khonsolo sanalione. Kuyambira 2018 malamulo amafunanso kuti ntchito za boma ndi nyumba zikuluzikulu zamalonda zimangidwe ndi zipangizo zosawononga mitengo, monga mabuloko a simenti, m'malo mwa njerwa zootcha ndi nkhuni. Koma buloko lochepa simenti limaphwanyika likangogwa pansi kuchokera m'manja, ndipo komiti ikhoza kuliyesa pomwepo.

Woyendera nyumba nayenso amafuna womuyang'ana. Munthu wofika pa malo omanga n'kunena kuti wachokera ku khonsolo aonetse chiphaso cha ntchito, ndipo ndalama iliyonse ya khonsolo iperekedwe ku ofesi, wopereka n'kulandira lisiti. Woyendera amene amasainira ali pa njinga yamoto, osatsika kukaona ngalande, wagulitsa chitetezo cha banja limene lidzagone m'nyumbamo. Ndipo mwini nyumba amene wamupatsa ya fanta kuti asaone zolakwika wadzibera yekha. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Madandaulo angathe kupita kwa khansala wa wodi, kwa Bwanamkubwa, ku ofesi ya Ombudsman kapena ku bungwe la ACB.

Komiti iliyonse ya VDC ingathe kuyamba ndi kope limodzi: maina a amisiri a m'dera, amene ali ndi satifiketi ndi amene akufuna kuyesedwa, ndiponso nyumba za anthu onse zimene zili ndi ming'alu kapena madenga ogwedera. Kopelo lipite ku ADC mvula isanayambe, kuti ofesi ya zomangamanga idziwe koyambira.