Chosunga Liwiro Chikamasiya Ntchito Panjira



Lero tikambirana za chipangizo chotchedwa cruise control, chimene chimasunga liwiro la galimoto popanda woyendetsa kuponda mafuta. Amene anachitulukira ndi Ralph Teetor wa ku America, munthu wosaona, ndipo chinayamba kuikidwa m'galimoto za Chrysler m'chaka cha 1958. Ena mwa abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg amagula chipangizochi padera ndi kuchimangitsa m'galimoto, kuti mwendo upumeko paulendo wautali wodzera ku Beitbridge, ku Tete ndi ku Mwanza. Koma galimotoyo ikawoloka Shire pa Mangochi ndi kuzolowera mabampu a mseu wa ku Makanjira, dandaulo limayamba: chimagwira bwinobwino, kenaka chimangosiya chokha.

Tisafulumire kunena kuti chafa. Chipangizochi anachipanga kuti chizimasuka msanga chikamva kuti mwaponda buleki kapena kilachi. Tsono kawirikawiri chikasiya chokha, ndiye kuti china chake chachinamiza. Ntchito yathu ndiyo kupeza wabodzayo, ndipo paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba, onetsetsani nthawi imene chimasiyira. Kodi ndi pabampu, pachitunda, kapena mukayatsa nyali? Dziwani kuti zipangizo zambiri sizigwira liwiro likatsika kupitirira makilomita 40 pa ola, ndipo zina zimadzimasula galimoto ikalemedwa pokwera phiri. Kumeneku sikuonongeka ayi.

Chachiwiri, ngati chimasiya pabampu, yang'anani switchi yaing'ono imene ili pamwamba pa chopondera buleki. Ikakhwefuka, kugwedezeka pang'ono kokha kumakwanira kuti iyatse nyali zakumbuyo. Pamseu woongoka ndi wopanda anthu, kwezani chopondera bulekicho ndi nsonga ya phazi pamene chipangizo chikugwira. Ngati vuto latha, switchiyo ifunika kumanga kapena kusintha. Yang'ananinso ya kukilachi.

Chachitatu, onani mababu a buleki ndi fyuzi yake. Zipangizo zambiri zogula padera zimadalira mababu amenewa kuti zidziwe ngati buleki yapondedwa kapena ayi. Babu likapsa, kapena mukachotsa akale ndi kuika a LED, chipangizo chimasokonezeka. Apa makaniko wa zamagetsi amaikapo relay.

Chachinayi, tsatirani mawaya onse. Fumbi, matope a m'dzinja ndi chinyezi cha kunyanja zimabweretsa dzimbiri, makamaka pa waya amene anamangiriridwa kuchitsulo cha galimoto. Palani malowo awale, ndipo mangani zolimba. Mawaya ongopotokola ndi kukulunga tepi ayenera kuwotcherera. Waya wobweretsa uthenga wa liwiro asagundane ndi mawaya a mapulagi, ndipo ngati muvi woonetsa liwiro umadumphadumpha, gwero la vuto lili komweko. Musaiwale mitu ya batire, ndiponso kapaipi ka mpweya kochokera ku injini pa zipangizo zachikale, poti kakang'aluka mphamvu imathawa.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani galimoto, ndipo kenaka mupite pa china. Mukasintha zonse nthawi imodzi mudzataya ndalama osadziwa chimene chinalakwa.

Tsopano mverani chenjezo ili. Pali ena amene amatopa ndi kufufuza, nadula waya wa kubuleki kapena kuulumikiza mwachidule kuti chipangizo chisamasiyenso. Mukatero injini ingathe kupitiriza kukoka pamene inu mukuponda buleki. Mseu wathu timayendamo pamodzi ndi ana a sukulu, a njinga zonyamula usipa ndi mbuzi. Chipangizo chosiya chokha chimangotopetsa mwendo, koma chokana kusiya chimapha munthu. Ngati vuto silinapezeke, chizimitseni. Ndipo pafumbi, pamatope ndi pamvula, liwiro lizisungidwa ndi phazi lanu.