Kacipande Kamene Kanali Kuonetsa Cibale

Lero tiyeni tipite kumwera, ku dziko la Azulu, dera limene kunacokera makolo a Angoni a kwa Mpezeni, amene anaoloka mtsinje wa Zambezi m'caka ca 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Nkhani yathu ndi ya kacipande kamtengo kochedwa ukhezo.

Pakati pa Azulu cakudya colemekezeka cinali amasi, ndiwo mkaka wosasa umene ena a ife timaucha cambiko. Amuna ndi anyamata ndiwo anali kukama ng'ombe. Anali kukamira m'cotengera cacitali cochedwa ithunga, cosemedwa pa cipika cimodzi ca mtengo, ndipo pambuyo pake anali kuthira mkakawo m'cipanda kuti usase. Ukhezo ndiko kacipande kamene anali kudyera amasiwo. Mmisiri anali kukasema mosamala ndi kukakometsa pa cigwiriro, ndipo mwini wake akatha kudya anali kukasunga m'kathumba koluka.

Tsono mvetsetsani lamulo lake. Amasi sanali kudyedwa ndi munthu wamba, koma abale a mtundu umodzi okha. Mnyamata akadya amasi pa mudzi wina, ndiye kuti wavomera kuti atsikana a pamenepo ndi alongo ake, ndipo sangakwatirepo. Nayenso mtengwa, pofika kwa mwamuna wake, anali kusala amasi a pamudzipo kufikira tsiku limene anali kuloledwa kudya nawo. Cilolezo cimeneci cinali kuchulidwa ndi dzina la kacipande komweka. Kuyambira tsikulo mkaziyo sanalinso mlendo.

Mwaona kodi kuti kanthu kakang'ono kamtengo kanali kusenza mlandu waukulu wa cibale ndi ukwati? Masiku ano zipande zambiri zotere zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, kutali ndi midzi imene zinasemedwa, ndipo oziona amangoyamikira kukongola kwake.

Nanga inu, kwanu kuli ciani? Mwina m'nyumba ya ambuye anu muli cipande cakale, mthiko kapena mbale yamtengo imene simuidyeranso. Musafulumire kuisonkhera pamoto kapena kuigulitsa. Yambani mwafunsa akulu: anaisema ndani, ndi mtengo wanji, ndipo ndani anali kuloledwa kudyeramo? Akuluwo akapita, palibenso adzakuyankhani.

Tsalani bwino.