KUFUNSIRA MALO A PhD YA PSYCHOLOGY

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ophunzira akale a pa sukulu yathu anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu, umene unachitikira ku Mandala mu mzinda wa Blantyre. Tawasindikiza monga momwe anawayankhulira.



Komiti inandipempha kuti ndiyankhulepo za momwe munthu amafunsira malo a digiri ya PhD m'maphunziro a psychology, ndiye kuti maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu. Pempholi linabwera kaamba koti achinyamata angapo amene anatsiriza pa sukulu yathu akhala akulembera a Mlembi za nkhaniyi, ndipo funso lawo nthawi zambiri ndi limodzi: "Kodi fomu tingaipeze kuti?" Funso limenelo ndiliyankha, koma kumapeto, pakuti fomu ndi chinthu chotsiriza pa ulendo wonsewu. Inu akuluakulu amene munasiyana ndi mabuku kalekale musagone, chifukwa ndinu amene mudzagulitse mbuzi mwana akadzaitanidwa.

Ndiyambe ndi chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Wachinyamata amabwera kwa ine nati, "Ndikufuna PhD kuti ndizithandiza odwala maganizo." Ine ndimamufunsa kuti, kodi ukufuna kukhala pansi ndi wodwala, kapena ukufuna kuchita kafukufuku? Ziwirizi ndi njira zosiyana. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amapita, munthu amakhala katswiri wothandiza odwala akatsiriza digiri ya Masters ya clinical psychology ndi chaka chophunzira ntchito m'chipatala, kenaka n'kulembetsa ku bungwe la HPCSA. PhD ya kumeneko ndi ya kafukufuku basi, ndipo siyikupatsa chilolezo chogwira wodwala. Ku Britain nakonso PhD ndi kafukufuku wa zaka zitatu kapena zinayi, pamene digiri ya udokotala ya clinical psychology ndi ina, ndipo malo ake ambiri amalipiridwa ndi boma lawo pofuna anthu odzagwira ntchito m'zipatala zawo. Ku America ndiye amaphatikiza zonse ziwiri, koma ukonzekere zaka zisanu kufikira zisanu ndi ziwiri. Kuno kwathu wofuna kuthandiza odwala ayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi. Tsono amene mtima wake uli pa odwala, afunefune Masters yoyenera. PhD ndi ya munthu amene ali ndi funso lomusowetsa tulo.

Mafunso otere kuno kwathu ndi ambiri, ndipo owayankha ndi ochepa. Kumbukirani kumene tachokera. Mu 1910 atsamunda anapatula malo osungirako odwala misala mkati mwa ndende ya Zomba. Ndende, abale anga, osati chipatala. Chipatala cha Zomba Mental chinamangidwa mu 1953, ndipo lamulo loyendetsera nkhanizi linali la 1948, limene tinakhala nalo zaka zoposa 70, kufikira Nyumba ya Malamulo inavomereza latsopano mu 2025. A St John of God anafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo College of Medicine, imene iri pafupi pomwepa pa msewu wa Mahatma Gandhi, inatsegulidwa mu 1991. Choncho ntchitoyi ndi yaing'ono msinkhu. Zambiri zimene timaphunzitsa zinalembedwa ndi anthu amene sanaonepo mayi wa ku Ndirande akulera ana amasiye asanu, kapena mnyamata wa mu Limbe amene ngongole ya katapila yamufika pakhosi.

Ndikupatseni zitsanzo za mafunso amene anabereka ntchito yooneka. A Chiwoza Bandawe, amene ambiri mumawadziwa kudzera m'zolemba zawo za m'nyuzipepala, anapeza PhD yawo ku University of Cape Town. Kafukufuku wawo sanali wa maloto kapena za Sigmund Freud ayi. Anali wa likodzo pakati pa ana a sukulu za kumudzi kuno ku Malawi: kodi mwana ukamuphunzitsa za matendawa, khalidwe lake pa madzi limasinthadi? Limenelo ndi funso la psychology lenileni, pakuti kudziwa chinthu ndi kuchichita ndi zinthu ziwiri. Mu 2010 iwo anatulutsa buku lotchedwa Practical uMunthu Psychology. Ku Zimbabwe a Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, anayamba ntchito ya Friendship Bench mu 2006 ku Mbare mu mzinda wa Harare, pophunzitsa agogo aakazi kucheza ndi anthu ovutika mumtima atakhala pa benchi kunja kwa chipatala. Funso lawo linali loti, kodi agogowa angathandizedi? Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya madokotala ya JAMA, ndipo njirayi inafalikira m'maiko ena, kuphatikizapo kuno kwathu.

Pali funso lina limene ine ndimalikonda kwambiri, la chiyankhulo. Azungu ali ndi mawu akuti depression. Ife tinena chiyani? Wina amati kukhumudwa, wina amati nkhawa, wina amati kuganiza kwambiri, ndipo mayi wa kumudzi sanena chirichonse mwa izi, amangoti mutu ukupweteka, mtima ukuthamanga, thupi lonse lafooka. Ukatenga mafunso olembedwa ku London n'kungowatembenuza liwu ndi liwu, umayeza chinthu china osati chimene ukufuna. N'chifukwa chake a Robert Stewart ndi anzawo anayesa mafunso otchedwa SRQ m'Chichewa pakati pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, ntchito imene inasindikizidwa mu 2009, ndipo a Michael Udedi ndi anzawo anachita chimodzimodzi ndi mafunso a PHQ-9 pakati pa odwala matenda a shuga ku Lilongwe, mu 2019. Tsono taganizani za Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga. Taganizani za ana, za okalamba, za akaidi, za anthu amene anataya abale ndi nyumba pa namondwe wa Freddy mu 2023 ku Chilobwe ndi ku Soche kuno. Apa mwana wa sukulu yathu ali ndi chuma chimene pulofesa wa ku Ulaya alibe: amamva chimene wodwala akutanthauza akanena kuti "mtima wanga suli m'malo". Chimenecho ndicho muyenera kuika patsogolo pofunsira malo, osachita nacho manyazi.

Funso likapezeka, chotsatira ndi munthu. PhD siuchitira ku nyumba zazitali za yunivesite, umachitira kwa mphunzitsi mmodzi kapena awiri okuyang'anira, ndipo m'maiko ambiri, monga South Africa ndi Britain, pempho lako siliyenda ngati palibe mphunzitsi amene wavomera kukutenga. Mumupeza bwanji? Werengani zimene zalembedwa pa funso lanulo m'zaka zisanu zapitazi, muone maina amene akubwerezedwa. Kenaka mulembereni kalata yaifupi. Ndikuti yaifupi. Ife Amalawi timakonda kuyamba ndi moni wautali, za umoyo, za mvula, za mavuto a pakhomo, cholinga n'kubwera pa tsamba lachiwiri. Ulemu umenewo ndi wabwino kwa amalume. Pulofesa amalandira makalata ochuluka pa tsiku, ndipo amafuna kuona m'mizere yoyambirira kuti ndinu yani, munaphunzira chiyani, funso lanu ndi liti, ndipo mwawerengapo chiyani mwa zolemba zake. Kalata imodzi yotumizidwa kwa anthu makumi awiri imadziwika msanga. Akakhala chete, dikirani masabata awiri kapena atatu, mukumbutse kamodzi, kenaka pitani kwa wina. Ndipo akavomera, musafulumire kuvina. Funsani ophunzira ake akale ngati amawerenga ntchito zawo pa nthawi yake, chifukwa munthu ameneyo mudzakhala naye zaka zinayi.

Pamodzi ndi kalatayo pamafunika ndondomeko ya kafukufuku, imene ku yunivesite amati proposal. Apa matenda athu ndi kufuna kumeza dziko lonse. Wina amalemba kuti adzafufuza za umoyo wa maganizo wa achinyamata m'Malawi. Achinyamata ati, a kuti, vuto liti? Chepetsani. Nenani kuti atsikana a zaka zakuti amene anabwerera ku sukulu atabereka, m'boma lakuti, ndipo mudzawapeza motere, mudzawafunsa motere, zidzatenga miyezi yakuti ndi ndalama zakuti. Owerenga amafuna kuona kuti ntchitoyo ingatheke. Musaiwalenso kuti kafukufuku wokhudza anthu sayamba popanda chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena komiti ya NHSRC. Mukasonyeza mu ndondomeko yanu kuti mukudziwa zimenezi, ndiponso kuti mwaganizira kumene mudzatumize munthu amene mwamupeza ali pa chiopsezo chodzipha, owerenga amadziwa kuti ndinu munthu wokhwima.

Tsopano ndalama. Mawu anga ndi awa: musayambe PhD kunja ndi ndalama za m'thumba mwanu. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, ndipo amene ankalipirira ana awo kunja akudziwa chimene chinawaonekera. Thandizo liripo, ngakhale olilimbirana ndi ambiri. Pali Commonwealth Scholarship ya ku Britain, pali Fulbright kudzera ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, pali DAAD ya ku Germany, pali Canon Collins Trust imene yathandiza ambiri a m'chigawo chino cha Africa. Mu 2015 munayamba ntchito ya AMARI, yophunzitsa ofufuza za umoyo wa maganizo a ku Ethiopia, Malawi, South Africa ndi Zimbabwe, ndipo Amalawi anapeza nawo mwayi. Malamulo ndi masiku a mabungwewa amasinthasintha, choncho werengani okha zimene alengeza chaka chimenecho, osadalira zimene anakuuzani mnzanu amene anapita kale. Ku America mayunivesite ambiri amatseka kulandira mapempho kumayambiriro kwa December, ndipo kuyambira 2020 ambiri anasiya kufuna mayeso a GRE, koma ena amawafunabe.

Ndinenenso kuti kupita kunja si njira yokhayo. Kuyambira 2021, pamene University of Malawi inagawidwa, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kumeneko munthu angathe kuchita PhD ya kafukufuku wa zaumoyo ali konkuno, nthawi zina ndi mphunzitsi wachiwiri wa kunja. Kwa mayi wa ana aang'ono, kapena bambo amene sangasiye ntchito, njira imeneyi ndi yoyenera kuiganizira mofatsa. Anthu amene mukufuna kuwafufuza ali konkuno, pa Queens pomwepa. Ine ndimaona kuti digiri ya kunja timaipatsa ulemu wopitirira muyeso, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Za mapepala ndingodutsamo. Mufunika Masters yokhala ndi kafukufuku, ndipo ngati munasindikizapo kanthu m'magazini ya akatswiri, ngakhale kamodzi, mwayi wanu umakula. Mufunika transcript ya digiri iliyonse, pasipoti yosatha msanga, ndipo mayunivesite ena amafuna mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL ngakhale tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Wopita ku South Africa ayenera kutumiza masatifiketi ake ku bungwe la SAQA kuti liwayese, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Makalata a umboni apemphedwe kwa aphunzitsi amene anaona ntchito yanu ya kafukufuku, osati kwa abusa kapena a phungu a kwanu, ngakhale amakukondani. Apatseni mwezi wathunthu ndi ndondomeko yanu kuti alembe zenizeni. Zonsezi yambani kutatsala chaka. Fomu ija munafunsa iri pa intaneti, pa tsamba la yunivesite imene mwasankha, ndipo kuilemba ndi ntchito ya madzulo amodzi.

Kwa inu makolo ndi amuna kapena akazi a ofunsirawa, ndikupempheni chinthu chimodzi. Munthu wa PhD amaoneka ngati sakugwira ntchito, chifukwa amangokhala ndi mabuku. Thandizo limene amalandira ndi lomukwanira iye yekha, si malipiro oti azitumiza kumudzi mwezi ndi mwezi, kugula feteleza ndi kulipirira ana a achemwali. Ndaona anzanga anzeru zedi akusiyira panjira chifukwa cha katundu wotere. Kambiranani pabanja asananyamuke, mugwirizane kuti kwa zaka zimenezi ndani adzasenze chiyani. Kukanidwa nakonso kuliko. Ambiri amene ali ndi PhD lero anakanidwapo kamodzi kapena kawiri, choncho mwana akalandira kalata yokana musamunene kuti wataya nthawi. Afunse chifukwa chake, akonze ndondomeko, ayesenso chaka chotsatira.

A Wapampando, ndiri ndi mapempho awiri kwa bungwe lathu. Loyamba, ndalama zolipira pofunsira malo, mayeso a Chingerezi ndi za ku SAQA zimafunika m'ndalama zakunja, ndipo zimagwetsa ana osauka asanayambe n'komwe. Ndikupempha kuti komiti ikambirane zopatula kathumba kochepa kothandizira zimenezi, ngakhale kwa ana awiri pa chaka. Lachiwiri, a Mlembi alembe maina a ife tonse amene tinadutsa njira imeneyi, m'maphunziro alionse, kuti wachinyamata akakhala ndi ndondomeko yake apeze woiwerenga asanaitumize. Dzina langa likhale loyamba pa mndandandawo, ndipo amene ali ndi mapepala awo lero andipeze pa khonde tikatha kudya.