Oimba Magitala pa Mseu wa Khwekhwerere



Oimba magitala akamacokera ku Dedza kunka ku nyanja, amatsika mseu wokhotakhota wa Khwekhwerere kufikira ku Golomoti. Kale, mseuwo usanathiridwe phula, lole yao inkatitimira m'matope nyengo ya dzinja. Anyamatawo ankasiya mabanjo ndi ng'oma, nagwira makasu kufukula mateyala mpaka usiku.

Kodi matope otere acokera kuti? Ambiri ndiyo nthaka ya minda ya m'mapiri, yokokoloka cifukwa ca mizere yotsata matsitso ndi kudula mitengo. Gule akalephereka lero acitika mawa, koma nthaka ikapita sibweranso.

Cotero mafumu, uzani anthu anu aunde akalozera ndi mizere yopingasa mvula isanagwe. Tsalani bwino.