Mtengo wa shawelo ya amayi anga

A komiti atandipempha kuti ndiyankhulepo ankayembekeza za makompyuta, poti ndiyo ntchito imene ndimadyera. Pepani, ndakugwiritsani fuwa lamoto. Ine ndabwera ndi nkhani ya ulusi.

Amayi anga anaphunzitsa kupulayimale ku Dedza zaka zoposa 30, ndipo anapuma atakwanitsa zaka 60. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penshoni yawo inayamba kuthera pakati pa mwezi. Ine ndinkatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi, n'kumadziona kuti ndine mwana wabwino. Koma pafoni mawu awo anali ozizira. "Ndadzuka, ndasesa, ndaphika, basi kwada." Munthu amene kale akangotsokomola kalasi yonse inkati zii.

Ndinawaitana kuti adzacheze kuno ku Balbriggan miyezi itatu. Ndinalakwitsa nyengo, anafika mu Disembala. Mukudziwa nokha, 4 koloko kwada kale, mphepo ya kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Ine ndikalawirira sitima ya ku Dublin, iwo ankatsala okha m'nyumba. Tsiku lina anandituma ulusi ndi singano zolukira. Kuluka anaphunzira kalekale ku Chigwirizano, ndipo ana tonse tinakulira m'majuzi a manja awo.

Agogo ena achiairishi oyandikana nafe anaona chipewa chimene ndinavala, n'kufunsa kumene ndinagula. Sabata yotsatira anawatenga amayi kupita nawo kukagulu ka amayi opuma pantchito amene amakumana n'kumaluka akumwa tiyi. Pobwerako amayi ndi amene anandiphunzitsa mbiri ya tauni imene ndakhalamo zaka zinayi. Kampani ya Smyth and Company inaluka masokosi muno kuyambira 1780 mpaka 1980, ena mwa iwo ankavala ndi Mfumukazi Victoria. Dzina loti balbriggan linafika mpaka ku America ngati dzina la nsalu yolukidwa ya zovala zamkati. Anawauzanso kuti pa njala yaikulu imene inayamba mu 1845, masisitere ankaphunzitsa amayi ndi atsikana crochet, kuluka kwa kasingano kamodzi kangowe kaja, ndipo ndalama za zolukazo zinadyetsa mabanja ambiri. Amayi anamaliza ndi funso: "Ndiye anthuwa anadya ndi ulusi?"

Agogo aja anafuna kugula shawelo ya mdzukulu wawo. Amayi anawapatsa ulere, ndipo zinakhala bwino choncho. Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa ambiri muno timaitana makolo. Chilolezo cha mlendo cha masiku 90 sichilola kugwira ntchito kapena kuchita malonda. Musaike chitupa cha mayi anu pachiswe chifukwa cha zipewa zisanu. Ife tinagwirizana kuti bizinesi ikayambira kumudzi.

Tsono mverani uchitsiru wa munthu wa digiri ziwiri. Ndinatha masabata atatu ndikupanga webusayiti yokongola, dzina lachingerezi, zithunzi, malo olipirira ndi khadi. Miyezi isanu ndi umodzi inadutsa, oda inabwera imodzi, ya mnzanga wa kuntchito amene ndinamupempha kuti ayese ngati batani likugwira. Nthawi yomweyo mwana wa azakhali anga ankangojambula zoluka za amayi n'kuika pa WhatsApp, anthu a ku Dedza ndi ku Lilongwe n'kumalipira pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Webusayiti ndinaitseka mwakachetechete, lero ndi koyamba kuulula.

Pamene ndinathandizadi ndi pa kope la masamu, ndipo mpamene tinakangana. Amayi ankaika mtengo poona ulusi wokha, n'kuwonjezera kakang'ono. Ndalama ya minibasi yokagula ulusi ku Lilongwe sankawerengera. Nthawi yawo ndiye ayi ndithu. Nditawafunsa anati, "Iwe, nanga ndikanakhala ndikutani?" Ndinawapempha kuti azilemba ola loyambira ndi lolekezera. Shawelo imodzi yaikulu inadya maola 30. Ndinawauza kuti kuno malipiro otsikitsitsa mu 2025 anali €13.50 pa ola, ndiye shaweloyo ikanakhala €405, ulusi usanawerengedwe. Anaseka mpaka kutsokomola. Palibe angalipire zimenezo, kaya kuno kaya kumudzi, ndipo ndi bwino munthu adziwiretu asanayambe. Koma kopelo linationetsa china. Juzi ya munthu wamkulu inkawadyera sabata ziwiri, wogula n'kumanena kuti pa kaunjika apeza yotchipa, ndipo sanali kunama. Chipewa cha mwana ndi tinsapato take zinkatha madzulo awiri, ndipo palibe mayi amene amafuna kuti khanda lake lituluke m'chikuta ndi za pakaunjika ngati angathe kupeza zatsopano. Majuzi anawasiya. Zipewa za akuluakulu amayamba kuluka mu Febuluwale kuti chisanu cha Juni ndi Julaye chiwapeze ali nazo. Za makanda zilibe nyengo.

Vuto lalikulu linali ngongole, ndipo okongolawo sanali achilendo. Anali achibale, anzawo a kutchalitchi, aphunzitsi anzawo akale. "Tidzakuonani kumapeto kwa mwezi." Amayi ndi munthu wamanyazi pa ndalama, ankaona ngati kukumbutsa mnzawo n'kumunyoza. Tinagwirizana kuti aliyense azipereka theka asanagule ulusi, ndipo akafunsa chifukwa chake azinena kuti ndi lamulo la mwana wawo wa ku Ireland. Ndiye ngati mwamva kumudzi kuti ndine woumira, gwero lake ndi limeneli. Anagulanso nambala ina ya foni ya ndalama za bizinesi zokha, kuti za ulusi zisamathere ku ndiwo.

Sindinama kuti alemera. Phindu lake limalipira magetsi, mankhwala a BP ndi ulusi wina. Zala zimawawa kukazizira, magalasi tasintha kamodzi, ndipo ndinachita kuwaletsa kuluka usiku magetsi akazima. Ndalama ndimatumizabe. Chimene chasintha ndi foni. Masiku ano ndikaimba amati, "Fulumira, ndili ndi oda ya Loweruka." Atsikana awiri a m'mudzimo amabwera masana kudzaphunzira, ndiye uphunzitsi wabwereranso pakhonde.

Mwezi watha anandituma singano zansungwi za mamilimita 4, zonga zimene anaona kwa agogo aja. Ndinati ndi mphatso. Anakana. Anandifunsa mtengo wake, anausintha m'makwacha, n'kuchotsa pa ndalama imene ndimatumiza, kenako ananditumizira chithunzi cha tsamba la kope pamene alembapo. Singanozo zili m'chikwama changamu. Amene akupita kumudzi mwezi uno tionane pa tiyi.